Njinga ya Olumala Yobwereka

Panali munthu wina kuno kwathu mumzinda wa Imabari, dzina lake Tsutomu, wowotcherera zitsulo za sitima zapamadzi. Tsiku lina anagwa pamakwerero kuntchito, mwendo wakumanzere n'kuuma. Ntchito inathera pomwepo, boma n'kuyamba kumupatsa penshoni ya aulumali. Koma munthuyo ankayenda ndithu ndi ndodo, ankaphika, galimoto ankayendetsa. Mwana wake wamkazi, Koharu, ndiye anali mtima wake. Kumupesa, kumukonzera kamba wa kusukulu, zonsezo anali bambo.

Banja lake ndi mkazi wake Natsumi linatha chifukwa cha mikangano yawo, osati mwendo. Chinatsala n'chakuti akhalapakati a kukhoti la mabanja aunike kuti mwana azikhala ndi ndani, ndipo winayo azithandiza ndi zingati. Natsumi ankagwira ntchito yosinthana nthawi kufakitale ya matawulo, moti anali atanena kale kuti Koharu atha kumakhala kwa bambo ake masiku asukulu.

Ndiye tsiku lina Tsutomu ali m'bafa ya anthu onse, akuviika mwendo m'madzi otentha, anayamba kudandaulira bambo wina amene sankamudziwa n'komwe. Paja m'madzi otentha anthu amamasuka pakamwa.

"Achimwene, mukapita kukhotiko mukuyenda chonchi, akakusengani ngati nkhosa," anatero mlendoyo. "Kapenshoni kanuko akakagawa pakati. Bwerekani njinga ya olumala. Mukanene kuti simutha kuphika, simutha kusamba nokha. Akakumverani chisoni, simudzalipira kanthu."

"Nanga mwana?"

"Mwana ndi wanu basi. Magazi amapita kuti?"

Tsutomu anaona ngati watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Atauza mchemwali wake wamkulu, Michiyo, mayiyo anaika kapu ya tiyi pansi.

"Iwe Tsutomu, unagwa ndi mwendo kapena mutu? Anthu aja samangomva za ndalama. Amamvanso ngati ungathe kulera mwana. Kanene zoona: ukulandira zakuti, ungathe zakuti. Kulumala si mlandu."

"Achemwali, inu nkhani za kukhoti mumazidziwira kuti?"

"Nanga wamaliseche wako wa m'bafayo ndi loya?"

Tsutomu sanamve. Anabwereka njinga kwa nkhalamba ina yoyandikana nayo, n'kupita nayo kukhoti atafunda kabulangete m'miyendo. Anauza akhalapakati kuti sadzuka yekha, saphika, ngakhale ketulo imamulemera. Iwo anaweramitsa mitu mwaulemu, n'kumupepesa chifukwa cha mavuto akewo. Natsumi atauzidwa zimenezi sanatsutse. Kuno sitiyalutsa munthu pamaso pa alendo, ndipo mwina mumtima anali atatopa nazo.

Wofufuza wa kukhoti atabwera kunyumba kudzaona mmene bambo ndi mwana amakhalira, Tsutomu anakhalanso panjinga ija tsiku lonse. Koharu anangoima pakhomo, maso ali pa bambo ake. Madzulo anafunsa amayi ake, iwo n'kungoti, "Mwendo wa bambo ako wafika poipa."

Chigamulo chinatuluka. Ndalama zoti Tsutomu azipereka zinalidi zochepa zedi. Koma anawonjezera kuti munthu wosatha kudzisamalira sangasiyiridwe mwana. Koharu azikhala ndi mayi ake, bambo azimuona kamodzi pamwezi, masana, pali munthu wina wamkulu.

Panja Tsutomu anayandikira Natsumi.

"Mayi a Koharu, inu mukudziwa kuti ndimatha."

"Ndikudziwa zimene mwauza anthu aja, bambo a Koharu. Mukufuna ndikawauze kuti munanama?"

Tsutomu anangoti zyoli. Kubwerera kukhoti kukanakhala kudziulula yekha, ndipo ankaopa kuti nkhani ikafika kwa a penshoni amutenga ngati wakuba. Mlendo wa m'bafa uja sanaonekenso.

Chimene chimandipweteka ine pa nkhaniyi ndi mwanayo. Koharu akabwera ndi azakhali ake a Michiyo, sankalola bambo ake kudzuka. Ankawathirira tiyi, kuwapindira zovala, kulankhula motsitsa ngati ali m'chipatala. Zoti amupese kapena amuphikire anasiya kupempha. Ana athu timawaphunzitsa kuyambira ali aang'ono kuti kuvutitsa ena ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo mwanayu anaphunzira bwino.

Itafika nyengo ya masewera a pasukulu, aja makolo amayala mikeka m'bwalo n'kuchita mpikisano limodzi ndi ana awo, Tsutomu sanauzidwe. Anamva kwa woyandikana naye kuti Koharu anachita mpikisanowo atagwirana manja ndi amalume ake. Mwanayo atabwera, anamufunsa.

"Bwanji sunandiitane, mwanangu?"

"Sindinafune kukuvutitsani, ababa. Bwalo lija ndi la mchenga, njinga siyenda."

Tsutomu sanathe kupirira. Anachotsa bulangete, n'kuimirira, n'kuyenda mpaka pawindo ndi kubwerera.

"Taona. Ndimayenda ine. Ndikanabwera."

Ankayembekeza kuti mwana asangalala. Koharu anayang'ana miyendoyo, kenako njinga, kenako nkhope ya bambo ake. Sanalire.

"Ndiye munawauziranji anthu aja kuti simungathe? Simunkafuna kuti ndizikhala nanu?"

Michiyo anatembenukira kukhoma. Tsutomu anakakhalanso panjinga paja. Akanati chiyani, kuti ankateteza penshoni? Mwezi wotsatira Koharu anatumiza mawu kuti ali ndi ntchito yambiri ya kusukulu, sabwera.

Phunziro: Ulumali sulanda munthu mwana, koma bodza limalanda. Ngati mukulandira thandizo la boma ndipo banja latha, nenani zoona za zimene mumapeza ndi zimene mungathe, perekani gawo lanu ngakhale lichepe, ndipo malangizo muzifunsa kwa odziwa malamulo, osati kwa munthu amene mwangokumana naye. Mawu amene mukunena pothawa udindo, mwana wanu akuwamvanso. Tumizirani ena nkhaniyi, mwina ifika kwa kholo lina lisanapite kukhoti.