Jekete la Abusa Miti

"Jeketeli lachepa lokha m'kabati, mwana wanga. Nsalu za masiku ano!" anatero Abusa Miti, akulimbana ndi batani lomwe linkakana kufika pabowo pake.

Mainess, telala wa ku Kapata, anawazunguliza tepi pamimba n'kuluma mlomo. Abusa omwewa ndiwo anamuleketsa mabodza a pantchito chaka chatha, aja a "bwerani mawa" ndi "diresi yakukhalani bwino". Anamuphunzitsa kuti Mulungu amamvanso zolankhulidwa pamakina osokera. Kuyambira pamenepo makasitomala anachuluka, poti Mainess akati Lachitatu, ndi Lachitatu ndithu.

Koma lero tepi inali pamimba pa mphunzitsi wakeyo.

"Lankhula, wapeza chiyani?"

"Abusa, nsalu ilibe mlandu," anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi. "Ndi nkhuku zija timakupherani mukamatiyendera m'makomo. Zawonjezera mainchesi anayi."

Abusa anacheuka uku ndi uku, kuona ngati amayi ogulitsa zovala zakale za salaula pafupipo amva. Kenako anausa moyo n'kuvula jekete lija.

"Ndinakuphunzitsa bwino, mwana wanga," ananong'ona. "Koma Amayi Busa akakufunsa, uwauze kuti ndi nsalu."