Mpando wa Wogulitsa Matikiti

Bwana anaubweretsa yekha mpandowo, fumbi lili mbuu.

"Khoti lagamula kuti mubwerere pantchito, madala. Khalani."

Wogulitsa matikiti anausisita. Thabwa la m'munsi linali lodyeka pomwe mwendo wake wolumala unkatsamira zaka makumi awiri. Masiku amenewo apaulendo ankachedwa dala pazenera lake, kumusimbira za kumene achokera.

Kenaka kunabwera lamulo loti aliyense azigwira ntchito choimirira. Anzake anadandaula sabata imodzi basi. Iye anagwa mwezi wachiwiri, ntchito n'kuthera pomwepo.

"Komatu lamulo lija linali la tonse," bwana anang'ung'udza.

"Eetu, bwana. Koma mwendowu ndi wanga ndekha."

Anakhala. Phazi linapeza lokha malo ake akale. Anatsegula zenera.

"Bwerani, mayi. Ulendo wa kuti lero?"