Ayisikilimu wa Katoni wa Renske

Panali mayi wina mumzinda wa Zwolle, dzina lake Annemiek. Nkhani yake ndinaimva kwa anthu awiri, mwiniwakeyo ndi mng'ono wake Hedwig, ndipo sagwirizana. Annemiek amati ananamizidwa ndi munthu wachilendo. Hedwig amati, "Ayi, asisi analandira zimene anaitanitsa." Werengani, muweruze nokha.

Mwana wa Annemiek, Renske, wa zaka khumi ndi zitatu, ankavutika ndi jometri, masamu aja a mizere, ngodya ndi zozungulira. Aphunzitsi ake ananeneratu kuti akalephera mayeso a mu Januwale amutsitsira ku kalasi ya masamu opepuka, asiyane ndi anzake, njira ya ku yunivesite imutalikire.

Thandizo linalipo. Aphunzitsiwo ankatsalira Lachinayi masana kuthandiza aliyense wofuna. Ku laibulale kunalinso kagulu ka Loweruka m'mawa, komwe ophunzira a ku koleji ankaphunzitsa ana ndi lula, kampasi ndi sizasi. Hedwig analimbikira kagulu kameneka.

"Loweruka ndi la mpira wa hoki," anatero Annemiek. "Komanso ndinasuzumirako. Ana akungodula mapepala ngati kusukulu ya mkaka."

"Nanga Lachinayi?"

"Renske akuchita manyazi. Akuti kumapita mbuli zokhazokha."

Ndiye Annemiek anapeza bambo wina pa intaneti, wolonjeza kukweza malikisi msanga. Tinene zoona, bamboyo anali waulemu ndipo sankachedwa kuyankha. Renske ankajambula ntchito ya kunyumba n'kutumiza, iye n'kubweza yankho lonse. Mayeso a m'kalasi akayandikira, ankamupatsa mafunso ofanana nawo kuti aloweze. Mwana amene ankapeza folo pa teni anayamba kupeza naini.

Chikondwerero cha Sinterklaas, chopatsana mphatso kumayambiriro kwa Disembala, chitayandikira, banja linachita maere a mayina monga mwa chaka chilichonse. Aliyense amapangira munthu amene wamugwera chinthu cha katoni chobisiramo mphatso. Renske anagwira dzina la Hedwig, amene amadya ayisikilimu ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa. Anaganiza zomupangira ayisikilimu wamkulu, wokhala pa chogwirira chosongoka chija.

Tsiku lina Annemiek anamupeza atakhala pansi pakati pa zidutswa za makatoni. Ankadula katoni wa ngodya zitatu n'kumupinda, koma kukamwa kwa chogwiriracho kunkatuluka kokhota, mbali ina nyanga ili njo.

"Iwe, si zomwezi munalemba mayeso mwezi watha? Unapeza naini!"

"Zija ndinaloweza, amayi."

"Afunse aphunzitsi ako a pa intaneti aja."

Renske anafunsa. Yankho linabwera pompo: "Tumiza chithunzi cha funsolo ndi nambala ya tsamba."

"Palibe tsamba, amayi," anatero mwanayo. "Ndi katoni."

Pa tsiku la chikondwerero, Hedwig analandira chinthu chopendekera, chomata paliponse. "Koma ayisikilimu wangayu wagundidwa ndi njinga?" anafunsa. Onse anaseka, kupatula Renske. Hedwig ataona misozi ikulengeza, anatenga mbale ya pepala yodyera keke, anadulapo kachigawo kuchokera m'mphepete mpaka pakati, n'kulumikiza mbali ziwirizo. Panatuluka chogwirira chachifupi, kukamwa kwake kosalala bwino.

Renske anaiwala kulira. "Chimachokera ku chozungulira? Osati ku ngodya zitatu? Nanga mukadulapo chigawo chachikulu?"

"Yesa wekha."

Anayesa, chinatuluka chowonda ndi chachitali. Anayesanso, anayesanso, mpaka mbale zinatha, anthu n'kudyera keke m'manja.

"Chifukwa chiyani chikutalika, amayi aang'ono?"

"Kaya! Ine ndinangoonera ana a ku laibulale aja pokabweza buku. Chifukwa chake ukafunse komweko."

Apa ndi pamene abalewo amasiyanirana. Annemiek amati mphunzitsi weniweni akanaona kuti mwana sakumva kanthu, n'kuuza kholo. Hedwig amati, "Asisi, sabata iliyonse munkamufunsa chiyani bamboyo? Malikisi. Munafunsapo kuti mwana wamva chiyani?" Ine ndikuona kuti onse akunena zoona. Annemiek sanali waulesi, anali ndi mantha, ndipo kholo lamantha limafuna nambala yoti iligoneke tulo. Nayenso bamboyo ankadziwa chimene ankachita. Komanso sikuti aphunzitsi onse a pa intaneti ndi otero, alipo amene amamusiya mwana avutike nalo funso mpaka alimvetse.

Lolemba m'mawa Annemiek anapalasa njinga mpaka kusukulu. Anauza aphunzitsi kuti manaini aja sanali a Renske, ngakhale ankadziwa kuti zimenezi zikhoza kumutsitsa kalasi mwanayo. Tsiku lomwelo Annemiek anamusiya bambo wa pa intaneti uja. Za Lachinayi ndi Loweruka anati mwana asankhe yekha. Renske anasankha zonse ziwiri, ndipo ndodo ya hoki anaiika kuseri kwa chitseko mpaka mayeso adzathe. Loweruka loyamba anapita ku laibulale ndi mbale za pepala m'chikwama, ndi funso lake lija.

Phunziro: Posankhira mwana kophunzira masamu kunja kwa kalasi, musamangofunsa kuti wapeza zingati. Mupatseni katoni ndi sizasi, muone chimene angapange. Malo amene amamupatsa mayankho amamusiya wopanda kanthu, amene amamudzutsira mafunso ndiwo amamuphunzitsa. Tumizirani makolo anzanu nkhaniyi, makamaka amene ana awo ayamba kupeza naini mwadzidzidzi.