Nsawa Zalira

Mayi Beatriz, mlendo wa ku Brazil wotumidwa ndi kampani ya mbewu, anatola nsawa imodzi naigwedeza pafupi ndi khutu. Alimi a ku Zemba anali atadzaza bwalo la tchalitchi, ine ndili womasulira. Ndikamasulira bwino, kampani indilemba ntchito. Koleji ndinaisiya atamwalira akulu anga a Yoweli.

"Njira iyi timaiphunzitsa m'maiko asanu," anatero mlendoyo m'Chingelezi. "Musanathire m'thumba, mverani. Zikauma timati zalila!"

Ndinacheukira mlendoyo: liwu lomalizalo linali la Chichewa.

"Masulira, iwe!" anakuwa a Bonaventure, mmodzi wa alimiwo. "Kapena Chizungu chako cha theka chathera pomwepa?"

Ndinafunsa mlendoyo kuti liwulo analitenga kuti.

"Kwa Yoweli, pamene ankagwira nafe ntchito kwathu ku Brazil. Makina oyezera chinyezi atafa, iye anagwedeza nsawa, tonse tinamva. Tsopano zili m'buku la kampani."

Ndinamasulira mawuwo. Bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu.

Amayi anga anaimirira, mpango wakuda ukadali kumutu. "Yoweli yemweyo? Amene ankandiseka kuti njira zanga n'zachikale?" Anaseka misozi ikutsika. Anayenda mpaka kutsogolo, nalanda nsawa ija m'manja mwa mlendo, naigwedeza pakhutu pawo.

"Mwanawe, uwauze kuti izi sizinalire. Zikufuna dzuwa masiku awiri."

Ndinawauza mokweza, osasiya liwu ndi limodzi lomwe. Mayi Beatriz anatsegula buku lawo nayamba kulemba.