Madzi Otsukira Mbale

Ana inu, madzi ofunda sataya paliponse.

Navarana, wophikira ofufuza za nthaka kumpoto kwa Greenland, anachita kuuma kukhosi n'kuchenjeza.

"Ophunzira inu, nthaka youndana ndi chisanuyi simudziwa zimene yasunga!"

"Mantha basi, mayi," anaseka Torben, mkulu wa pamsasapo. "Paipi yotayira madzi yaphulika. Otsukira mbalewo muzikataya kuseriko."

Nyengo yonse ya mdima, miyezi imene dzuwa silituluka kumeneko, Navarana ankataya pomwepo, akung'ung'udza. Pansi pouma gwaa panayamba kufewa, kenaka kutupa.

Usiku wina anakhuthula ndowa, koma madziwo sanayenderere. Anamezedwa kuti gudyu gudyu.

"Si izi! Ndinkanena ine!" anadandaula, akubwerera chambuyo.

Pansipo panamveka mawu aulemu:

"Onjezaniko ofunda, mayi. Mwendo umodzi sunasungunuke."