Dzina la Galu wa a Calvin

Akuluakulu, sendezani mpando mumve za a Calvin a ku Nathenje. Ataona pafoni kuti kumayiko akunja agalu ali ndi bwalo lawolawo lothamangirapo, anapita ndi galu wawo kubwalo la mpira n'kumumasula chingwe. Galuyo analibe nawo ntchito agalu anzake. Analunjika pomwe amaotcha kanyenya.

"Itanani galu wanuyu, achimwene, ndisanamuswe mutu!" anakuwa mwini nyama, chikuni chili m'manja.

A Calvin sanayerekeze kutchula dzina la galu wawo. Chapafupi pomwepo apongozi awo aakazi ankagula tomato, pomwe galuyo, mwa chizolowezi chathu chonena munthu kudzera m'dzina la galu, anamutcha Apongozisakhuta.

"Iwe... galu iwe! Bwera!"

Galu osatembenuka.

Apongozi anaika jumbo pansi. "Apongozisakhuta! Bwera kuno!"

Galu uja anabwera akugwedeza mchira.

"Zikomo amayi," anatero a Calvin, maso ali pansi.

"Palibe kanthu, bambo. Mudzabwere naye kunyumba adzasewere ndi wanga, Mkamwinisalima."

Nanga inu galu wanu munamutcha ndani? Tiuzeni, apongozi anu sitiwauza.