Ayenda Ngati Dinala

"Tawaonani! Akuyenda ngati Dinala!"

Anakuwa ndi Basil m'kalasi. Mawindo a sukulu ya ku Nkope anali atatchingidwa ndi mphasa. Pa nsalu yoyera yokhomedwa pa bolodi, anthu a galimoto ya kanema ankaonetsa azungu awiri amene anakaponda pa mwezi.

Dinala anafinyira ndodo yake pachifuwa. Kuchokera pamene matenda anamuumitsa mwendo, dzina lake likatchulidwa pagulu chotsatira chinkakhala chipongwe. Anazolika, kudikira kuti amuseke.

Palibe anaseka. Atadzutsa mutu anaona pa nsalu paja munthu wovala zoyera mbee akudumphadumpha, ndendende momwe iye ankachitira pamchenga popita kudooko. Munthuyo anadzandira, kutsala pang'ono kugwa.

"Kodi iwe sumva chizungulire ukamatero?" anafunsa Enid, mtsikana amene anali asanamuyankhulepo chiyambire sukulu.

"Ayi," anayankha Dinala. Anayang'anitsitsanso pa nsalu paja, kenako anapukusa mutu. "Koma awawa ndiye angoyamba kumene. Taonani mmene akuterera, ngati asenza thumba la usipa."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi a Marko mpaka kupukuta misozi, ndipo amene anaseka kuposa onse anali Dinala mwini wake.

Kanema atatha, ana anathamangira pabwalo n'kufola pambuyo pake, aliyense atapinda mwendo umodzi.

"Titsogolere," anatero Basil.

Dinala anazika ndodo mumchenga. "Amene agwe atsala padziko pano. Tiyeni!"